Gemu ya pamakina akale sipsa tsiku limodzi

Makolo anzanga, ndi inu amene mwangolowa kumene m'banja, lero tikambirane za mwana kapena mwamuna amene wayamba kukhala pakompyuta mpaka usiku, akuti akupanga gemu yakeyake yoseweredwa pa makina akale monga NES, Game Boy kapena Sega Mega Drive. Mdzukulu wanga ndi mmodzi wa oterewa, ndiye nkhaniyi ndaitsata ndithu.

Choyamba dziwani kuti makinawa ndi opanikiza. NES, imene inatuluka ku Japan mu 1983 ndi dzina loti Famicom, ili ndi malo ogwiriramo ntchito okwana makilobaiti 2 okha. Game Boy ya mu 1989 imaonetsa mitundu inayi basi, kuchoka koyera kufika kwakuda. Super Mario Bros. yonse ija ya mu 1985 ndi makilobaiti pafupifupi 40, kuchepera kutali chithunzi chimodzi cha pafoni yanu. Wopanga gemu ayenera kuwerengera kalikonse ngati mayi wogawa ufa wotsala kumapeto a mwezi.

N'zoona kuti ena aphulapo kanthu. Anthu awiri a ku Berlin anatulutsa Micro Mages ya pa NES mu 2019, itakwana m'makilobaiti 40 omwewo. Matt Phillips wa ku England anatulutsa Tanglewood ya pa Mega Drive mu 2018. Koma Phillips anali atagwira kale ntchito m'makampani a magemu, ndipo inamutengerabe zaka. Onsewa anapempha thandizo la ndalama pa Kickstarter, chifukwa kupanga makatiriji ndi makatoni ake si masewera. Ogulanso ndi ochepa: makamaka anthu a kunja okonda zinthu zakale.

Kuchipatala wodwala wothyoka mwendo ankakonda kundifunsa kuti, “Anesi, ndiyenda liti?” Ndinkamuuza zoona zake, chifukwa amene walonjezedwa sabata imodzi amataya mtima sabata yachiwiri, n'kuyamba kuponda fupa lisanalumikizane. N'chimodzimodzi apa. Mwana akaganiza kuti pakutha mwezi akhala atapanga gemu yogulitsa, adzaisiya ali wokhumudwa.

Tsono muuzeni ayambe pang'ono: kamunthu kamodzi koyenda ndi kudumpha pa sikirini, basi. Pali pulogalamu yaulere ya GB Studio, imene Chris Maltby anatulutsa mu 2019, yothandiza ongoyamba kumene kupanga magemu a Game Boy. Angathe kuyesera gemu yake pakompyuta pomwepo, osagula makina akalewo. Musathamangire kuitanitsa zipangizo kunja asanamalize kagemu kamodzi.

Inu apabanja, gwirizanani poyera: maola angati pa sabata, ndalama zingati pa mwezi. Ya lendi ndi ya fizi isakhudzidwe. Bambo, musasiye ntchito chifukwa cha gemu, ndipo mwana akadwala usiku kompyuta itsekedwe. Mayi, inunso musamunyoze kuti akuchita zachibwana. Chimodzimodzi ngati wopangayo ndi mkazi.

Phindu lenileni lilipo: kuganiza mwadongosolo, kufufuza cholakwika modekha mpaka chipezeke, ndi kumaliza chimene wayamba. Luso limeneli adzapita nalo kusukulu ndi kuntchito. Ndalama zikadzabwera, zidzakhale ngati basera. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Akakuitanani kuti mudzaone kamunthu kake kakudumpha, siyani kaye zimene mukuchita, mukaone.