Galu wa pa Siteshoni ya Shibuya

Amayi, mwana wanu akakuonetsani buku la zithunzi la galu Hachiko, musayese kuti ndi nthano chabe. Mukadzafika mumzinda wa Tokyo, ku Japan, mudzapeza chifaniziro chake pakhomo pa siteshoni ya sitima ya Shibuya. Mbuye wake, Pulofesa Ueno, anamwalira ali kuntchito mu 1925, koma galuyo ankabwerabe pamalopo kudzamuchingamira kufikira imfa yake mu 1935.

Pa Khirisimasi malowa amawala ndi nyali, ngakhale tsikuli si la tchuthi kumeneko. Ambiri amangogula nkhuku yokazinga ndi keke poweruka kuntchito. Achinyamata amapangana kukumana pa chifanizirocho. Inu amene munadikirapo bambo a kunyumba pa depoti ya basi Khirisimasi itayandikira, mudzawazindikira msanga amene mnzawo wachedwa.