Mphika wa soya, mphika wa nyama

Ntchito yanga ndi yophika. Ndili ndi kalesitilanti pafupi ndi msika pa boma la Kasungu, ndipo kukakhala ukwati, chinkhoswe, maliro kapena msonkhano wa mpingo, anthu amandiitana kuti ndikaphikire khamu. M'manja mwangamu mwadutsa nyama ya ng'ombe, ya mbuzi, nkhuku yachikuda ndi yachizungu, mang'ina ndi nthumbwana. Koma ndiwo zomwe ndimatereka kawirikawiri masiku ano sizichokera kubutchala. Zimabwera m'mapaketi, zouma gwa, zopepuka, ndipo anthu amazitcha soya pisi kapena nyama ya soya. Ambiri amazinyoza pakamwa koma amazidya sabata iliyonse. Ine ndimati amene amazinyoza sanakumane ndi wodziwa kuziphika.

Wophika ayenera kuyamba wadziwa chomwe chili mumphika mwake. Soya amalimidwa kwambiri kuno ku Kasungu, ku Mchinji, Lilongwe, Dowa, Ntchisi ndi Dedza. Akafika kufakitale amamuyenga mafuta ophikira, ndipo chotsalacho chimagayidwa kukhala ufa. Ufawo amaunyowetsa n'kuukankhira m'makina otentha mopanikiza kwambiri. Ukamatulukira pa kabowo, madzi a mkati mwake amasanduka nthunzi mwadzidzidzi, phalalo n'kufufuma, kukhala ndi timabowo ndi timaulusi tofanana ndi mnofu. Kenako amalidula n'kuliumitsa. Luso limeneli linayambira ku America m'zaka za m'ma 1960, pa kampani ya Archer Daniels Midland. Pamenepa pali zinthu zitatu zomwe zimalamula kaphikidwe konse: soya pisi anapsa kale kufakitale, mafuta anachotsedwamo, ndipo amamwa madzi ngati chinkhupule. Madzi omwe wamwa ndi omwe adzamveke pakamwa.

Nyama imadzikometsera yokha. Ikani nyama ya mbuzi mumphika ndi madzi pang'ono ndi mchere basi. Iwira, madzi aphwa, mafuta ake atuluka, iyamba kudzikazinga yokha, ndipo fungo lifika mpaka kumsewu. Fupa ndi mitsempha zimasungunukira mumsuzi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake msuzi wa mang'ina umamata milomo, ndipo ukazizira umagwirana. Soya alibe mafuta, alibe fupa, alibe mitsempha. Zonse zomwe chiweto chinaika mu nyama chikadya msipu, pa soya ayenera kuziika ndi wophika. Wongothira soya pisi m'madzi ozizira ndi tomato mmodzi n'kusiya pamoto, amapakula ndiwo zamadzimadzi, za kafungo ka nyemba yaiwisi, ndipo ana amazikankhira kumbali kwa mbale.

Ine ndimayamba ndi kuviika m'madzi otentha kwa mphindi khumi. Madzi oyambawo ndimataya, chifukwa ndi omwe amanyamula kafungo kaja. Ndikatero ndimafinya ndi manja, chikhatho chimodzi chimodzi, mpaka madzi atasiya kudontha. Kufinyaku n'kumene ambiri amachitira ulesi, chonsecho timabowo tikakhala todzaza madzi, msuzi ulibe polowera. Kenako ndimakazinga m'chiwaya cha mafuta otentha, pang'onopang'ono, osadzaza chiwaya. Mukaunjika, soya amatulutsa nthunzi n'kumangowira m'malo mofiira. Afiire m'mbali, alimbe kunja, ndiye muphule.

Tsopano msuzi. Anyezi ndimaika wochuluka kuposa yemwe ndingaike pa nyama, ndipo ndimamudikira pa moto wodekha mpaka atafiirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kukoma kwa mphika wa soya kumachokera pa anyezi ameneyu. Ndimatsatiza adyo, jinja ndi kambuzi pang'ono, kenako tomato, yemwe ayenera kupsa mpaka mafuta atayandama pamwamba. Apo ndiye ndimabwezeramo soya uja ndi kuthira madzi otentha ochepa, awire kotala la ola. Kuwiritsa kwa maola sikumufewetsa monga zikhalira ndi nyama ya ng'ombe, kumangomutupitsa ndi kumusukulutsa. Mchere ndimathira kumapeto nditalawa, pakuti zokometsera za m'paketi zimakhala ndi mchere wambiri kale. Kuti msuzi ulemere, popeza fupa palibe, ndimasungunula nsinjiro pang'ono, kapena kuphwanyiramo mbatata ya kachewere yophika.

Nanga pakamwa zimasiyana bwanji? Mnofu wa nyama ukamautafuna umapitiriza kutulutsa madzi ake, kukoma kumanka kuwonjezereka. Soya amapereka zonse pa kuluma koyamba. Msuzi womwe anamwa ukatuluka, chotsala m'kamwa chimakhala chosamveka kanthu. N'chifukwa chake ndimakonda timapisi ting'onoting'ono kuposa zibenthu zikuluzikulu. Tating'ono timayandikira kwambiri nyama yogaya: m'samusa, pa mpunga, pa supageti, kapena tosakaniza ndi kabichi ndi tsabola wobiriwira, munthu amadya mokhutira. Koma pa kanyenya soya alibe mawu. Palibe mafuta odonthera pa makala, palibe utsi wonunkhira uja. Bambo akalowa m'lesitilanti n'kunena kuti, “Mayi, lero nkhuli yandigwira,” ndimadziwa kuti akufuna fupa loti aphwanye ndi kuyamwa, ndipo sindimunyengerera ndi soya.

Za mphamvu yake m'thupi, ndi bwino kunena zoona zokhazokha. Soya pisi wouma, pafupifupi theka lake ndi mapuloteni omanga thupi, magalamu 50 pa magalamu 100 aliwonse. Koma akamwa madzi amalemera kawiri kapena katatu, choncho chipande chimodzi cha soya wophika chimakhala ndi mapuloteni ochepa poyerekeza ndi chipande cha mnofu wa ng'ombe wophika, womwe umafika magalamu 25 kapena kupitirira pa magalamu 100. Komabe ndi ndiwo zomanga thupi ndithu, zilibe kolesitolo, ndipo mbewu yake ndi ija yomwe imasakanizidwa ndi chimanga mu Likuni Phala yemwe walera ana ambiri m'dziko muno. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, soya ali m'gulu la zanyemba, osati la zanyama, ndipo pali chifukwa. Alibe vitamini B12, yemwe amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Ayironi wake nayenso salowa m'thupi mosavuta ngati wa mu nyama, koma amalowako bwino mukadyera limodzi ndi zakudya za vitamini C monga tomato, masamba, magwafa kapena malambe. Amayi oyembekezera ndi olera ana ndimawauza kuti soya aziphika, koma usipa, matemba ndi dzira zisasowe pa sabata.

Pomwe soya amapambana nyama poyera ndi pa kasungidwe ndi pa nkhuni. Nyama yogula m'mawa mwezi wa Okutobala, magetsi atazima, imafuna kuti ilowe mumphika dzuwa lisanafike pamutu. Paketi ya soya imakhala miyezi pa shelefu bola pakhale pouma. Mang'ina kapena mbuzi yokalamba zimadya makala a theka la tsiku, pomwe soya amapsa nsima isanavundulidwe. Pamaliro, pomwe chiwerengero cha anthu sichidziwika, ndimatha kutuma mwana kugolosale n'kuwonjezera mphika wina mosachedwa. N'zomwezo zomwe zinamulowetsa m'makhitchini a sukulu zogonera konko ndi m'nyumba za anthu apantchito mwezi ukafika pakati. Chenjezo ndi limodzi: akangonyowa amasasa msanga, ndiye woviikidwa aphikidwe tsiku lomwelo.

Si onse odya soya omwe amatero chifukwa cha kuchepa kwa m'thumba. Pamisonkhano ya misasa ya mpingo wa Seventh-day Adventist pamakhala ambiri osadya nyama. Akatolika amaisala Lachisanu m'nyengo ya Lenti. Arasta ambiri saikhudza n'komwe. Ndipo paphwando pomwe pali Asilamu ndi Akhristu, mphika wa soya sudzutsa funso loti wazinga ndani. Amayi a Adventist ndi omwe anandionetsa nyama ya tirigu. Mumakanda ufa wa tirigu kukhala mtanda wolimba, kuuviika m'madzi, kenako kuutsuka mofinyafinya mpaka madzi atasiya kuyera. Chotsala chimakhala chotamuka, ndipo mukachiwiritsa mumsuzi wa anyezi ndi adyo, kuchidula ndi kuchikazinga, chimatafunika moyandikira chidale cha nkhuku kuposa soya pisi. Vuto lake ufa umalowa wambiri, chotuluka n'chochepa, ndipo ufa wa tirigu ndi wodula. Tofu, chakudya chochokera ku China, ndimapanganso: mkaka wa soya wowira bwino, kuthiramo madzi a mandimu, ugwirane, kenako kuusefa pa nsalu n'kutsendereza ndi mwala. Ameneyu ndi wofewa, ndipo wokazinga amayandikira dzira osati nyama.

Masoseji opanda nyama ochokera ku South Africa, monga a kampani ya Fry's ya ku Durban, ndinawalawa. Pa zonse zolowa m'malo mwa nyama, amenewa ndi omwe angasokoneze lilime, chifukwa soseji ngakhale yeniyeni ndi nyama yogaya yodzaza zokometsera, ndiye kuitsanzira sikuvuta. Ku America anafika popanga nyama yogaya ya zomera yofiira ngati ya magazi: kampani ya Impossible Foods inatulutsa yake mu 2016. Koma zoterezi zimafuna furiji, ndipo zikafika kuno mtengo wake umaposa wa nyama ya pabutchala. Kwa anthu omwe ndimawaphikira, sizithetsa vuto lililonse.

Makolo athu anali nazo kale ndiwo zopha nkhuli popanda kuzinga chiweto. Bowa wa utale wokazinga ndi anyezi ali ndi mnofu wake, ndipo manyame ouma amapereka msuzi wakuya womwe soya payekha sangaufike. Pa zonse zomwe ndayesa, palibe chokometsa mphika wa soya kuposa bowa wouma pang'ono pamodzi ndi madzi omwe waviikidwamo. Ndimagula kwa amayi okhawo odziwa bowa, chifukwa wina amapha. Palinso chinaka, chomwe ena amati chikande ndipo ku Zambia amati chikanda: timizu ta maluwa a kutchire tosinja, tophika ndi nsinjiro, chidulo ndi tsabola mpaka zitagwirana kukhala chinthu chodula ndi mpeni. Chimadyeka ndi nsima bwino lomwe. Timizuti tikusowa m'madambo chifukwa chokumbidwa mopitirira muyeso, choncho ndimachiphika mwa apo ndi apo.

Chomwe chimandiwawa pa ntchito yathuyi ndi chinyengo. Alipo ophika omwe amasakaniza soya mu nyama yogaya ya m'samusa n'kumagulitsa pa mtengo wa nyama osanena. Kumeneko n'kuba, ndipo n'koopsa, pakuti alipo anthu omwe thupi lawo limadana ndi soya. Enanso amaphikira osadya nyama m'mafuta omwe akazingira nkhuku, kapena kuthiramo msuzi wa ng'ombe kuti akome. Munthu amene wasala nyama chifukwa cha chikhulupiriro kapena matenda wakudalira iwe wophika, chifukwa kukhitchini salowako. Kwanga mphika wa soya uli ndi chiwaya chake, mafuta ake ndi chipande chake, ndipo ndikasakaniza soya ndi nyama kuti ndiwo zikwanire, eni phwando ndimawauziratu.

Atsikana omwe ndimawaphunzitsa ntchito ndimayamba kuwapatsa mphika wa soya ndisanawakhulupirire ndi mbuzi. Nyama imabisa zofooka za wophika, chifukwa ngakhale wosadziwa imamukomera. Soya amaulula zonse: ngati sunafinye, ngati unathamangitsa anyezi, ngati unathira mchere usanalawe. Ndipo anthu omwe amadya soya kawirikawiri ndi ana asukulu, anamfedwa, ndi mabanja omwe nyama amaiona pa Khirisimasi. Amenewa sayenera kupatsidwa ndiwo zophikidwa mwaulesi chifukwa choti n'zotsika mtengo. Wofuna nyama apatsidwe nyama yeniyeni, ndipo wodya soya amuphikire ndi luso lonse lomwe wophika ali nalo.