Azitona sagona m'thumba

Ndimayenga mafuta a azitona kufupi ndi Ostuni, m'chigawo cha Puglia kummwera kwa Italy. Ntchito imafika pachimake kuyambira mu Okutobala, zipatso zikangoyamba kuderako. Timayala maukonde pansi, n'kumapesa nthambi ndi makina a mano ataliatali. Mitengo ing'onoing'ono thirakitala imaigwira pathunthu n'kuigwedeza, koma ine sindilola zimenezo pa mitengo yakalekale ija, ya mphako zoti mwana n'kubisalamo.

Lamulo langa n'limodzi: zothyola lero ziyengedwe lero. Azitona akagona m'thumba amatenthana n'kuyamba kusasa, ndipo fungo limenelo silichokanso m'mafuta. N'chifukwa chake timanyamulira m'makireti a mabowo. Tikafika nawo koyengera timauluza masamba, kutsuka, n'kugaya ndi njere zomwe. Phala lake limatakasidwa pang'onopang'ono kwa mphindi ngati 30 kuti timadontho ta mafuta tigwirane. Apa diso langa silichoka pa kutentha: madigiri asafike 27. Ukatenthetsa, mafuta amatuluka ambiri ndithu, koma fungo lokoma lija lapita. Kenako makina ozungulira mwaliwiro amalekanitsa mafuta, madzi ndi zotsalira. Kuti mafuta atchedwe extra vergine, asidi wake asapose 0.8 peresenti, komanso akatswiri olawa asawapeze chilema. Mafuta atsopano amawawirako ndipo amakanda pakhosi. Ogula ena amayesa awonongeka, pamene ine munthu akalawa n'kutsokomola ndimadziwa kuti ndagwira ntchito.

Makolo athu liwiro limeneli analibe nalo ntchito. Ankadikira zipatso zigwe zokha, n'kusesa. Mafuta ake, otchedwa lampante, anali oyatsira nyale. Ku Gallipoli, m'chigawo chomwechi cha Puglia, ankawayengera m'mapanga osema pansi pa tauni, zombo n'kumapita nawo kumpoto kwa Ulaya.

Kufupi ndi Gallipoli komweko ndi kumene matenda a Xylella anapezeka mu 2013. Amafalitsidwa ndi kachirombo kotchedwa sputacchina, kaja ana ake amabisala m'thovu pa udzu. Matendawa amatseka njira za madzi mkati mwa mtengo, nthambi n'kumauma imodziimodzi ngati zawauka ndi moto. Mitundu yathu yakale, Ogliarola salentina ndi Cellina di Nardò, ndiyo imafa msanga, pamene Leccino amapirira.

Ndiye masiku ano nyengo yozizira ikangotha timalima udzu wonse m'munda, tizirombo tisanamere mapiko. Makungwa akayamba kusendeka mosavuta ndimatenga mpeni n'kumezanitsa Leccino pa mitengo yakale. Izi zimafuna mtengo usanadwale. Ukayamba kuuma, wachedwa. Kudula nthambi zikuluzikulu za mtengo wa zaka mazanamazana, ukadali wobiriwira bwinobwino, dzanja limalemera. Si zonse zomezanitsa zimagwira, ndipo zikagwira pamapita zaka zingapo zisanabereke. Mphukira zake zimakula msanga koma polumikizira pamakhala posalimba, choncho iliyonse ndimaimangirira ku kamtengo, apo ayi mphepo imaithyola.