Kuthowa ndi Magetsi

Mwamuna wina woumba njerwa anadwala msana, kufikira analephera kunyamula cikombole. Amai ace anamthowa ndi madzi otentha monga acitira makolo; ululu ukaleka usiku, m'mawa nubweranso.

Ku cipatala sing'anga anayamba wamuyesa khungu ngati limva kutentha ndi kuzizira, pakuti wa khungu ladzanzi, monga wakhate kapena wa nthenda ya shuga, apsa osadziwa. Ndipo munthuyo anadabwa poona kuti nakonso athowa! Kutentha kufutukula mitsempha ya mwazi, nikufewetsa minofu youma. Pambuyo pace anam'mata tizigamba pamsana, napititsamo mphamvu yaing'ono ya magetsi, yonyerenyesa ngati nyerere. M'caka ca 1965 Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza kuti kukhudza kotere kutsekereza mthenga wa ululu mumsana, usanafike ku ubongo. Ndico cifukwa cace munthu akapunthwa cala acitikita.

Ululu unali kucepa maola owerengeka okha, koma m'maolawo anamphunzitsa kupinda ndi kuongola msana pang'onopang'ono, kufikira anabwerera ku njerwa zace.