Makilogalamu 23

Kalata yondiitana kumsonkhano wa ophunzira ku Edinburgh itafika, chimene chinandisowetsa tulo sichinali pepala limene ndinkayenera kukawerenga. Zinali zovala. Ndinkadziona nditaima pamaso pa anthu achilendo nditavala siketi yanga yakuda ija, imene aliyense m'kalasi mwathu ankaidziwa, ndipo mtima unkangoti myuu.

Amayi anagulitsa mbuzi imodzi ndi matumba awiri a mtedza, nanditumizira ndalama. "Ukagule zofunda, mwanangu," anatero pafoni. "Akuti kumeneko kumazizira kuposa ku Dedza." Ndinavomera pakamwa pokha. Tsiku lotsatira ndinazungulira masitolo a mu Limbe n'kugula suti yaimvi, mabulauzi atatu opyapyala, gogoda wakuda ndi kachikwama kam'manja konyezimira. Ndinkafuna kuti ondiona akanene kuti mtsikanayu ngochokera pabwino.

Tikiti inkalola sutikesi imodzi yosapitirira makilogalamu 23. Titaikoleka pa sikelo ya ogula mbewu, inakwana 27. Azakhali anga, amene anagwirapo ntchito ya unamwino ku Britain, anaitsegula n'kuyamba kutulutsa zovala chimodzichimodzi osayankhula. Atafika pansi anandiyang'ana.

"Nanga chikhoto chili kuti, iwe?"

Anandifotokozera kuti mu Disembala dzuwa la ku Edinburgh limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo mphepo yake imaboola mpaka m'mafupa. Kumeneko munthu amavala zovala zingapo, china pamwamba pa chinzake, ndipo nsapato zimafunika zosalowa madzi. Anachotsa mabulauzi awiri, madiresi ndi mafuta odzola, naikamo majuzi awo akale, masokosi okhuthala ndi diresi la chitenje limene amayi anandisoketsera kwa telala wa pakhonde. "Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere," anatero uku akupinda suti ija.

Ndalama zinali zitatsala zochepa, choncho ndinapita pa kaunjika m'mamawa kuti anzanga asandione. M'kalasi timaphunzira kuti dzinali limachokera ku mneni woti kuunjika, basi. Manyazi amene timalisenzetsa ndi athu. Pansi pa mulu ndinapeza chikhoto chaubweya, chabatani limodzi lothothoka, ndipo pakhosi pake panalembedwa Marks & Spencer. Ndinaseka ndekha. Chikhotocho chinali kubwerera kwawo, ine ndinali wongochiperekeza. Pofuna kupeputsa katundu, ndinachivala pa Chileka dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu.

Gogoda uja ndinamuvala tsiku limodzi. Miyala ya mumsewu wa Royal Mile inatsala pang'ono kundithyola mwendo. Chikhoto ndinachivala masiku onse khumi, ndipo palibe anandifunsa kumene ndinachigula. Ophunzira akumeneko, amene ndinkawaopa aja, ankabwera atavala majuzi otuwa, ena ogulanso m'masitolo a zovala zakale. Tsiku lowerenga pepala ndinavala diresi la chitenje, ndipo mafunso onse anali okhudza magulu a mayina m'Chichewa.

Nditabwerako, amayi anandifunsa ngati zofunda zija zinandithandiza. Ndinati inde, ndipo sindinaname kwenikweni. Koma suti ija ikadali m'sutikesi, sinalaweko sopo. Ndikapita kumudzi madzulo mbuzi zikulowa m'khola, ndimapezeka ndikuziwerenga, ngakhale ndikudziwa kale kuti imodzi palibe.