KANEMA WA MALUŴA PA LIWONDE

Ana a sukulu akakumana ndi liwu lachingerezi lakuti spring, amathamangira ku buku lotanthauzira mau, nabwerako ndi yankho lakuti "kasupe." Zaka zonse zimene takhala tikugwira choko, taŵafotokozera kuti liwu lomwelo Azungu amatchulanso nalo nyengo ina ya chaka, imene kwao imayamba m'Malichi ndi kutha m'Meyi, pamene chisanu chapita ndipo mitengo imene idayoyoka yayamba kuphukira. Anawo amavomera ndi mutu, koma maso ao amaonetsa kuti nkhaniyi ndi ya kutali, pakuti kuno miyezi imeneyo ndi ya masika: timakhala tili kukolola chimanga, osati kudikira maluŵa.

Komatu nafenso tili nayo nyengo yathu ya mphukira, kungoti imafika dzuŵa lili kuswa mtengo. Aliyense amene adayendapo pa mseu wochokera ku Ntaja kudzera pa Nsanama kutsikira ku Liwonde m'Seputembala kapena m'Okutobala adaona m'mene mitengo ya mombo imavalira masamba atsopano, ofiira ngati mkuŵa, pansi pali phulusa la lupsa, mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi. Tidaiona mitengoyo chaka chatha pa tchuthi cha Tsiku la Amai, pa 15 Okutobala, tili m'minibasi pamodzi ndi akunyumba, nyenje zili kulira mogonthetsa m'khutu.

Ulendo wathu sudali wokaona mitengo ai. Mwana wamkazi wa mlongo wathu, amene amakhala ndi mai ake pa Liwonde, adafunsiridwa ndi mnyamata wa ku Balaka. Akuchimuna adali atabwera kale kudzagogoda. Tsono idali nthaŵi yathu, monga atsibweni ake ndi eni mbumba, yokaona pakhomo pao ndi kumaliza nkhani imodzi imene idatsala. Tidapangana kuti tigone pa Liwonde, tilaŵirire m'maŵa mwake.

Liwonde ndi malo otsika, ndipo munthu wochokera ku mapiri amayamba kupukuta thukuta asanatsike m'galimoto. Madzulo tidayenda pang'ono kukafika pa Kamuzu Barrage, mlatho wa zitseko umene udamangidwa m'chaka cha 1965 kuti uziŵeta madzi a Shire. Cha kumtunda, kumene kuli nkhalango ya nyama imene idakhazikitsidwa mu 1973, mvuu zinkafwenthera pakati pa migwalangwa. Tidaima pamenepo tikuganiza kuti madzi omwewo, akadutsa pa zitsekozo, amakazunguza makina ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, nabwerera ku Liwonde pa nthambo ngati magetsi. Sitidadziŵe kuti usiku umenewo magetsiwo atigwirira ntchito yotani.

Titatha kudya nsima ya chambo, ana adayatsa wailesi ya kanema nati, "Atsibweni, lero muonere nafe."

Tivomere pano kuti tidakhala pa mpando monyinyirika. Ife tidakula kanema ali mlendo wobwera kamodzi pa chaka, pa galimoto ya alangizi a zaulimi, amene ankakunga nsalu yoyera pa bwalo la sukulu ndi kutionetsa kapangidwe ka mizere. Wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba mu 1999, ife tili kale pa ntchito. Pambuyo pake kanema amene tamdziŵa kwambiri ndi wa m'timisasa ta pa msika, m'mene anthu amamenyana kuyambira m'maŵa mpaka usiku, wina ali kumasulira m'Chicheŵa mofuula, ndipo m'menemo tatulutsamo ana ovala yunifolomu kosaŵerengeka. Choncho tidayembekeza phokoso.

Phokosolo silidabwere. Kanemayo dzina lake ndi Tulips in Spring, wa m'chaka cha 2016. Tulip ndi duŵa lomera pa chinthu chonga anyezi, limene limafuna nthaka yozizira kuti liphuke, ndipo kumene amalilima munda wonse umaoneka ngati chitenje choyanika. Nkhani yake njosavuta. Mtsikana wina wogwira ntchito yokongoletsa m'kati mwa nyumba mu mzinda wa Los Angeles amva kuti bambo ake avulala ndipo munda wao wa maluŵa uli pa mavuto. Abwerera kumudzi, akuti kwa masiku oŵerengeka. Kumeneko akumana ndi mnyamata wa malonda a maluŵa, ayamba ndi kusagwirizana, kenaka agwirira ntchito limodzi. Mapeto ake, inu aŵerengi, mwaŵadziŵa kale.

Mchimwene wa mtsikana wathu, amene foni siichoka m'manja mwake, adatiuza kuti makanema otereŵa ngambirimbiri ndipo onse amayenda mu mzere umodzi. Amapangitsa ndi kampani ya Hallmark, imene idayamba mu 1910 ku Kansas City ndi malonda a makadi, nitsekula wailesi ya kanema ya dzina lomwelo mu 2001. Iwo amagaŵa makanema ao potsata nyengo monga mlimi agaŵira mbeu: ena a Khirisimasi, ena a mphukira, ena a nthaŵi yotentha. Ambiri amajambulidwa ku Canada pa sabata ngati zitatu zokha, ndipo aliyense amatenga ola limodzi ndi theka. Ngati si munda wa maluŵa ndiye kuti ndi kasitolo ka makeke kapena nyumba ya alendo ya agogo imene ili pafupi kugulitsidwa. Ana athu amaŵatenga pa timakadi ta m'foni kwa anyamata okopera nyimbo pa msika.

Tsono tinene chilungamo monga aphunzitsi poika malikisi. M'kanemayo simudakhetsedwe magazi, simudamveke chitukwano, ndipo palibe pamene kholo likadafuna kutseka maso a mwana. Makolo adalemekezedwa. Ntchito ya manja idatamandidwa. Aŵiriwo adafika pa kupsompsonana nkhani itatsala pang'ono kutha, ndipo pomwepo maina a ojambula adayamba kukwera. Akunyumba, amene adati iwo angokhala chapatali kusankha mpunga, tidaŵamva akudzudzula mtsikanayo kuti akuchedwa kuzindikira munthu wabwino. Ngati banja lili ndi magetsi ndipo lifuna kupumula madzulo a chilimwe, ana ndi akulu pamodzi, ife sitiona chifukwa choletsera makanema ameneŵa. Ali ngati thobwa: sakhutitsa, koma saledzeretsa.

Zosoŵa m'menemo zilipo, ndipo tidaziŵerenga. Simudaoneke nkhoswe ngakhale mmodzi. Palibe adafunsa kuti mnyamatayu kwao n'kuti, amapemphera kuti, adzadyetsa banja ndi chiyani maluŵa akafota. Chikondi chidamera, kuphuka ndi kucha pa masiku oŵerengeka, pamene ngakhale nyemba zimafuna miyezi. Koma zimenezi sizidatidetse nkhaŵa kwenikweni, pakuti ana athu si opusa. Amadziŵa kuti seŵero ndi seŵero. Chimene chidatigwira mtima n'china.

Kanema atatha tidatuluka pakhonde kuthaŵa kutentha, ndipo mtsikana wathu adatitsatira, nakhala pa mkeka.

"Atsibweni, mwaona? Chikondi n'cha anthu aŵiri."

"Taona, mwanawe. Koma tatiuza: m'kanema muja, ulendo udaloza kuti? Kuchoka kumudzi kapena kubwerera kumudzi?"

Iye adaŵerama, nayamba kutola timiyala.

Nkhani idatsala ija idali iyi: mnyamatayo ankafuna ukwati m'Disembala, kuti m'Januwale anyamuke kupita ku Joni, kumene mkulu wake adampezera malo m'sitolo. Mkazi adzatsale kwa mai ake, azidzalankhulana pa foni.

Apa ndi pamene makanema aja ndi moyo wathu zimayang'ana kosiyana. M'makanemamo mudzi ndiwo umapambana nthaŵi zonse. Munthu wa ku New York kapena ku Los Angeles amataya ofesi ndi malipiro ake, nasankha kukhala pa kamudzi pamene aliyense amamdziŵa dzina. Azungu amaŵakonda chifukwa adachoka kale ku midzi yao ndipo akuilakalaka. Ana athu amaŵaonera ali pa mudzi weniweni, koma ndalama za pasipoti zili m'kachitini pansi pa bedi. Basi ya ku Johannesburg, yodzera ku Mwanza, ku Tete, ku Harare ndi ku Beitbridge, yatenga anyamata ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka. M'kalasi mwathu tikaitana makolo, pa mabenchi pamadzaza amai ndi agogo.

Njira imeneyi si yatsopano. Atate athu ankapita ndi Wenela ku migodi, kufikira ndege idagwa ku Francistown m'Epulo 1974 nipha Amalaŵi oposa 70, boma n'kuimitsa kulemba anthu. Liwu lakuti "mtchona" lidabadwa ulendo wa basi usanayambe. Ndipo sitinganene kuti onse opita amalakwa. Nyumba zambiri zamalata zimene muona m'mbali mwa mseu wa ku Ntaja zidamangidwa ndi ndalama za ku Joni, ndipo ana ena amene tidaŵaphunzitsa adafika ku sekondale chifukwa cha ndalama zomwezo. Mtengo wa thonje ndi nandolo ukagwa, mnyamata wamphamvu umuuza chiyani? Koma tayendanso m'makomo monga akulu a mpingo, ndipo takhala pa mikeka ya amai achitsikana amene foni yao idayamba kulira sabata iliyonse, kenaka mwezi uliwonse, kenaka idangoti zii.

M'maŵa mwake tidaoloka Shire, n'kusiya mseu wa ku Mangochi kudzanja lamanja. Kuyambira apo dziko limayala ngati mphasa, milambe itaima patalipatali m'minda youma imene alimi adali atayamba kale kugalauza. Balaka lidali gawo la Machinga kufikira mu 1998 pamene lidakhala boma palokha, kotero kuti ife akale timaiŵala kuti tadumpha malire. Tauniyo idakulira pa njanji, ndipo lero njinga za kabaza zimadzaza mseu ngati nyerere. Tidadutsa pa tchalitchi chachikulu cha abale athu Achikatolika, kwao kwa Alleluya Band imene idayamba mu 1978, m'mene mudakulira woimba Lucius Banda amene adatisiya mu 2024. Pomwepo palinso wailesi ya kanema ya Luntha, imene idatsekulidwa mu 2007. Sitidachedwepo, tidakwera kabaza kuloŵera ku mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi.

Adatilandira pansi pa mtengo wa mango, zipatso zake zikadali zaziŵisi. Malonje atatha, mnyamatayo adatitengera ku dimba lake, ndipo tidaona matimati oimikidwa bwino ndi mpiru wobiriŵira pakati pa dziko lofiira. Manja ake adali a munthu wogwira khasu. Tidamkonda, ndipo chifukwa chakuti tidamkonda nkhani idakula.

Titabwerera pa mpando tidaiyala nkhaniyo mosabisa. Tidati mbumba yathu sitiikaniza, koma sitidzaimirira m'tchalitchi kuvomereza ukwati umene mwezi umodzi wokha udzasanduke wa pa foni. Mnyamatayo adayankha mwaulemu, koma molimba: adati dimba limadyetsa munthu mmodzi, osati banja; adati feteleza wakwera; adati zaka ziŵiri zokha zimkwanira kugula pampu ndi malata. Mau ake adali oona, ndipo tidasoŵa poŵagwira.

Amene adatithandiza ndi nkhoswe wa kuchimuna, gogo wa imvi zokhazokha, amene kufikira apo adangokhala chete akupalasa pansi ndi ndodo. Iye adati, "Achimwene, ineyo ndidapita ndi Wenela nditakwatira miyezi iŵiri. Nanenso ndidati zaka ziŵiri. Pobwera ndidapeza mwana akuyenda, ndipo atandiona adathaŵira kuseri kwa nkhokwe. Njinga ndidabwera nayo, wailesi ndidabwera nayo, koma mwana uja mpaka lero amandipatsa moni ngati mlendo." Atatero adatembenukira mdzukulu wake, osaonjezapo kanthu.

Tidakambirana mpaka mthunzi udasuntha kaŵiri. Pomaliza tidamvana kuti ukwati udikire mpaka Ogasiti, anthu atakolola. Mnyamatayo alime dzinja lino, ndipo abale a mbali zonse ziŵiri asonkhe theka la mtengo wa pampu. Ngati pofika masika mtima wake ukadali ku Joni, anene poyera ukwati usanalengezedwe m'tchalitchi, kuti mtsikana asankhe yekha akudziŵa chimene akusankha. Mnyamatayo adavomera, ngakhale nkhope yake sidaseke.

Mtsikana wathu, amene adatsala pa Liwonde monga mwa mwambo, adamva zonsezi kwa akunyumba kukhitchini. Sadatilankhule madzulo onse. Adatipatsa madzi osamba m'manja atagwada bwinobwino, koma maso ali kumbali.

Usiku umenewo mphepo idasintha, ndipo chizimalupsa chidagwa pa malata kwa mphindi zoŵerengeka, fungo la dothi n'kuloŵa pa zenera. M'maŵa, tili kudikira minibasi ya ku Ntaja, mtsikanayo adafika akuthamanga, napatsa akunyumba kanthu kokulunga m'pepala.

"Muli makanema asanu m'menemo," adatero. "Koma atsibweni asamaonere nao. Amafunsa mafunso ambiri."

Akunyumba adamanga kakadiko pa nsonga ya chitenje, ndipo tisanafike pa Nsanama adali atatifunsa kale ngati foni yathu ingathe kukaŵerenga.