Mawu Olowa Opanda Chiphaso

Amene anafikako ku Nayuchi, kuno kumene njanji yochokera ku Nkaya itsanzikana ndi dziko la Malawi ndi kuwolokera ku Entre Lagos, adziwa kuti njira zolowera m'dziko zilipo ziwiri: ina ndi ya pachipata, pamene munthu aonetsa chiphaso, nadinditsa, nalembedwa dzina m'buku la boma, ina ndi ya m'madambo ndi m'minda ya mpunga, imene ayendamo anthu okhala ndi amalume tsidya lino ndi azakhali tsidya linalo, amene sanaganizepo ndi kamodzi komwe kuti kukazonda mbale wodwala kulira chidindo. Ine ndachita imvi ndikutola nkhani pamalire pano ndi kuzilemba m'Chichewa, ndipo ndikanena kuti mawu a chilankhulo chathu alowanso mwa njira ziwiri zomwezi, ndi kuti ochuluka a iwo adzera ya m'madamboyo, ndinena chimene ndaona ndi maso anga ndi kumva ndi makutu anga.

Zida za ntchito yanga n'zochepa: cholembera, kope la chikuto cholimba, lamya ya m'manja imene inalanda malo a envulopu ndi sitampa, ndi mabuku atatu otanthauzira mawu amene akhala pa alumali, kutali ndi chinyontho. Loyamba ndi lija Alexander Hetherwick anakonza mu 1929 pomanga pa maziko a David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre, amene lake linatuluka mu 1892. Ndinalilandira kwa mphunzitsi wina wopuma wa ku Ntaja, chiswe chitalawako kale masamba a kumapeto. Lachiwiri ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja, limene akatswiri a zilankhulo a ku Zomba anatulutsa m'chaka cha 2000, lotanthauzira mawu athu m'chilankhulo chathu chomwe, osabwereka Chingerezi. Lachitatu ndi la Steven Paas, limene lanenepa kusindikiza kulikonse. Mabuku amenewa ndiwalemekeza monga munthu alemekeza akulu a pabwalo, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo kambirimbiri andilanditsa pamene ine ndi mkonzi takokanakokana. Koma buku litsekedwa tsiku limene lipita kosindikiza, pamene nkhani ibadwa m'mawa uliwonse, ndipo ikabadwa ilira dzina pompo, akatswiri asanayale n'komwe mphasa zokhalapo.

Ndinayamba ntchitoyi ndili mnyamata, m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, pamene njanji ya ku Nacala, imene mbali yathu inatsegulidwa mu 1970, inkangokhala duu masiku ambiri, ndipo anthu ankatulukira pano atasenza miphika ndi mphasa, ana kumbuyo, mapazi atang'ambika. Ukawafunsa chimene athawa, ankakuyankha ndi liwu limodzi lokha: Matsanga. Ndinalisaka m'buku la Hetherwick ngati wosaka singano mumchenga, ndipo anandimasulira ndi mkulu wina wa ku Cuamba, kuti dzinali ndi la André Matsangaissa, mtsogoleri woyamba wa ankhondo a Renamo, amene anafa mu 1979, koma dzina lake linatsala likuyenda pa anyamata ake onse. Ndinalilemba m'nkhani yanga monyadira. Mkonzi analifafaniza naikapo "zigawenga", ndipo lero sindimuimba mlandu, pakuti masiku amenewo liwu limodzi losasamala linkatha kumugoneka munthu kumene sanayale. Pambuyo pake tinamvanso za Anaparama, amene ankamenya nkhondo ndi mikondo, atatemedwa mphini zimene ankakhulupirira kuti zibweza zipolopolo. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, eni mawuwo anabwerera kwawo, mawuwo nazimiririka m'nkhani zathu, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kuyambira pamenepo ndinaleka kudandaula za kuchedwa kwa olemba mabuku otanthauzira mawu, popeza iwo ayenera kudikira kuti aone ngati mlendo amanga nyumba kapena angogona usiku umodzi. Koma ine mtolankhani ndiyenera kumupatsa moni tsiku lomwe wafikalo.

Achinyamata a lero sadziwa mantha amene tinkalemba nawo kale. Chilankhulochi chitasinthidwa dzina mu 1968 kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa, ndi bungwe loona za Chichewa litakhazikitsidwa mu 1972, panali mlonda pachipata cha mawu, ndipo pa wailesi ya MBC pankamveka pulogalamu ya Tiphunzire Chichewa, imene inkadzudzula zolakwa za olankhula ndi olemba, kotero kuti munthu unkamvetsera mtima uli m'mwamba, kuopa kuti chiganizo chikukambidwacho chingakhale chako. Zabwino zinalipo ndithu, pakuti tinaphunzira kulemba mofanana kuyambira ku Nsanje kufikira ku Chitipa. Koma chinafika chaka cha 1993, pamene pa 14 Juni anthu anasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo taonani liwu lina linalumpha mpanda mlonda akuona: matipate. Ine, wophunzitsidwa mwambo wakale, ndinaumirira kulemba kuti "ndale za zipani zambiri", mawu aulemu ndi omveka. Koma mayi wogulitsa matemba pa siteshoni, amene sanapondepo pasukulu, ankangoti matipate abwera, ngati kuti ndi alendo ambiri obwera ndi sitima ya masana. Khutu lake linamva "ma" wa kumayambiriroko nkumuyesa wa mapazi ndi maungu, ndipo potero liwu lachilendo linavala nsalu yathu lisanathe mwezi.

Apa ndipo pagona luso la ntchito yathu, limene sindinaliwerenge m'buku lililonse, koma ndinaliphunzira mwa kupunthwa. Liwu latsopano ndikalimva, sindililemba m'nkhani tsiku lomwelo pokhapokha nkhaniyo italephera kuima popanda ilo. Ndiliika m'kope langa, pamodzi ndi tsiku, malo, ndi chiganizo chonse chimene lanenedwamo, ndipo ndiliyembekeza kufikira litapeza mboni zitatu, monga chilamulo chakale chinafunira pa mlandu: ndilimve pamsika pano, ndilimve m'sitima ya anthu pakati pa Liwonde ndi Balaka, ndilimvenso pakamwa pa munthu wachikulire amene sangalinene pofuna kudzionetsa. Likadutsa pamenepo, itsala ntchito yolipezera banja lake, pakuti liwu m'Chichewa silikhala lokha ngati mbeta; liyenera kudziwika ngati tinena "wa" kapena "ya" kapena "cha" potsatira pake, ndi momwe lichulukira. Masiki aja tinavala mu 2020 anandivutitsa sabata yathunthu, popeza ena ankayesa kuti ndi ambiri kale, pamene ena ankati imodzi ndi masiki, zambiri ndi mamasiki. Ndiye pali kalembedwe. Kuno tikhala Ayao, Alomwe ndi Anyanja pamodzi, ndipo liwu limodzi lituluka mitundu itatu, kotero kuti, monga pa madooko a Yordano paja, katchulidwe kaulula kwawo kwa munthu. Posafuna kukondera lilime la wina, nditsata lamulo la kalembedwe lakuti "r" atsata "i" ndi "e", pamene "l" akhala pena ponse. N'chifukwa chake ndilemba kolona, ndipo kolera anyamula zilembo zonse ziwiri, chilichonse pamalo pake.

Amene akwiya ndi mawu obwereka ndiwakumbutsa kuti kalata, nsapato, kachasu ndi kapitawo anachokera kwa Apwitikizi, mwina kudzera m'njira zomwe zino, ndi kuti achimwene ndi achemwali, amene lero anenedwa ndi Mchewa wa ku Kasungu mosakayika, kwawo ndi kwa Ayao. Palibe amene awafunsanso chiphaso.

Komatu si mawu onse osowa m'makutu a akonzi amene ali atsopano. Ena ndi akale kwambiri, kungoti sanakwerepo sitima kupita m'tauni. Kumapeto kwa 2015 kolera anabuka pa nyanja ya Chilwa, kumwera kwathu kuno, nagwira kwambiri asodzi okhala m'zimbowera, zimene ndi misasa yomangidwa pamwamba pa madzi pakati pa njedza, kumene munthu atha kukhala masabata ambiri osaponda nthaka, akumwa madzi omwewo amene alandira zonyansa zake. Ndinalemba nkhaniyo mosamala, ndipo liwu lakuti zimbowera ndinaliika maliseche, popanda kulimasulira, poyesa kuti chimene adziwa mwana aliyense wa kuno achidziwanso aliyense. Mkonzi wa masiku amenewo, mnyamata wobadwira m'tauni, anayesa kuti chala changa chinaterereka, naikapo "midzi ya m'mbali mwa nyanja". Ndipo ndi kusintha kumeneko mtima wa nkhani unachoka, pakuti vuto lonse linali lakuti odwalawo sanali m'mbali, koma pakati pa madzi, ulendo wa maola ambiri pa bwato kuti akafike kuchipatala. Nyuzipepala itafika, msodzi wina wokalamba, mwana wake atamuwerengera, anandipeza pa siteshoni nati, "Achimwene, mesa munabwera nokha kudzationa? Nanga mudzi wa m'mbali mwa nyanjawu munauona kuti?" Ndinayankha kuti, "Pepani ambuje, ndalakwa ndine," ndipo sindinaname, pakuti ngakhale safunsa anadya phula, wopereka phula osanena alinso ndi mlandu wake. Kuchokera tsiku limenelo sinditumiza liwu lachilendo lopanda nkhoswe: pamene lionekera koyamba, ndiliperekeza ndi kachiganizo kolitanthauzira, kuti amene salidziwa alilandire, ndi amene alidziwa asaone ngati ndikumuphunzitsa kudya nsima.

Zaka za posachedwazi zakhala za dzinthu zambiri m'kope langa. Mu 2013 inabwera Cashgate, imene anthu anaipinda nkukhala kashigeti, napanganso mneni, kotero kuti wophika mowa pano akaona kuti mwana wamubera makobili m'kachitini amati wamuchita kashigeti. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chinatipatsa awiri: madando, liwu limene linamveka kuchokera ku bungwe loyendetsa chisankho ponena za madandaulo a zipani, nafalikira dziko lonse ngati moto wa mwezi wa Okutobala; ndi Tippex, utoto woyera wofufutira zolemba, umene dzina lake linakhala m'kamwa mwa aliyense kufikira oweruza asanu atagamula pa 3 Febuluwale 2020 kuti chisankho cha mtsogoleri wa dziko chichitikenso. Pasanathe miyezi iwiri, pa 2 Epulo, boma linalengeza odwala oyamba a Covid-19, ndipo tinafunika mawu khumi pa sabata imodzi. Pa onsewo, amene ndinawakonda koposa ndi aja sitinabwereke kwina, koma tinawadzutsa m'nyumba mwathu momwe. Kubindikira tinkakudziwa kale kwa namwali ndi kwa mayi wa m'chikuta, ndipo pamene tinanena kuti wobwera kuchokera kunja abindikiritsidwe masabata awiri, agogo a kumudzi anamva msanga kuposa momwe akanamvera liwu lililonse la m'mabuku a zachipatala. Katemera nayenso ndi mwana wa kutema mphini, zomwe zija Anaparama ankadalira, ngakhale dokotala sangakonde kumva za chibale chimenechi.

Pali mawu ena amene aphikidwa m'maofesi, aatali ngati sitima ya malasha yochokera ku Moatize, imene ukaima kuwerenga mabogi ake khosi lichita kuwawa. Amenewa ndiwalemba pamene ndakakamizidwa, koma ndidziwa kuti safika pamsika. Mu Novembala 2023, ndalama yathu itatsitsidwa ndi 44 peresenti, chikalata chinanena za kuchepetsa mphamvu ya kwacha poyerekeza ndi ndalama za maiko ena, ndipo ndinalemba momwemo, koma madzulo ake mnyamata wosintha makwacha ndi mametikali pafupi ndi chipata, nditamufunsa za malonda, anangotambasula dzanja ngati woyesa kulemera kwa nkhuku nati, "Bambo, kwacha yapepuka." Ndinabwerera kunyumba ndi manyazi a mmisiri amene wapambanidwa ndi wodutsa m'njira, ndipo m'nkhani yotsatira ndinabwereka mawu akewo.

Kope limene ndili nalo tsopano ndi lachisanu ndi chinayi, ndipo oyambirira aja inki yawo yayamba kufiira. Mdzukulu wanga wa ku sekondale andiumiriza kuti tiwalembe onse m'kompyuta ndi kuwatumiza kwa akatswiri a ku Zomba, ndipo ndavomera, malinga ayambe watha mayeso. Iye yemweyo ndiye wandibweretsera liwu limene lili pa tsamba lomaliza, lonena za makina amene ati ayankha mafunso ndi kulemba kalata ngati munthu: iye ati nzeru zochita kupanga, pamene pa wailesi ndamva ena akuzitcha mwina. Ndalemba tsiku ndi chiganizo chake, ndipo m'mbali ndaikamo kamzere kamodzi, pakuti mboni ikadali imodzi. Mawa kuli msika, ndipo ndidzalawirira kukakhala pansi pa mtengo pafupi ndi ogulitsa mpunga.